Mukasintha Ntchito ya Boma ku Toronto, Kodi Penshoni Yanu Imakutsatirani?

Pakati pa Amalawi ndi abale athu a ku Zambia amene anakhazikika ku Toronto ndi m'mizinda yoyandikana nayo monga Mississauga, Brampton, Markham ndi Pickering, alipo amene amagwira ntchito m'zipatala, m'sukulu, kukhonsolo ndi m'maofesi a boma. Ambiri anafika ku Canada ali akuluakulu kale, zaka zina za thukuta lawo atazisiya kumudzi. Kwa munthu wotere, chaka chilichonse chimene chalembedwa m'kaundula wa penshoni n'chamtengo wapatali. Komatu zaka zimenezi zimatha kutayika pa tsiku lachisangalalo, tsiku limene munthu wapeza ntchito yabwinoko. Nawa mafunso amene aliyense ayenera kudzifunsa asanalembe kalata yotsanzika pantchito.

Kodi onse ogwira ntchito za boma sali m'thumba limodzi la penshoni?

Ayi. Mawu oti "ntchito ya boma" ndi amodzi, koma mathumba ndi ambiri, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake. Ogwira ntchito kukhonsolo ya mzinda wa Toronto, apolisi amumzinda, ozimitsa moto ndiponso ogwira ntchito m'sukulu amene si aphunzitsi ali mu OMERS, thumba limene linakhazikitsidwa mu 1962. Aphunzitsi ali mu Ontario Teachers' Pension Plan. Anamwino ndi anzawo a m'zipatala zambiri ali mu HOOPP, imene inayamba mu 1960. Ogwira ntchito m'maunduna a boma la chigawo cha Ontario anagawika pawiri: mamembala a yuniyoni ya OPSEU ali mu OPTrust, imene inayamba mu 1995, pamene mamanijala ndi magulu ena ali mu Public Service Pension Plan, yoyendetsedwa ndi Ontario Pension Board.

Makoleji monga Seneca, Humber, Centennial ndi George Brown ali mu CAAT. University of Toronto ili mu University Pension Plan, imene inayamba pa 1 July 2021. Oyendetsa mabasi ndi sitima za TTC ali ndi thumba lawolawo. Ndipo amene analembedwa ntchito ndi boma lalikulu la ku Ottawa, ngakhale ofesi yawo ili ku Toronto, ali pansi pa lamulo lina lotchedwa Public Service Superannuation Act. Choncho namwino akachoka kuchipatala n'kukayamba ntchito ku Toronto Public Health, nthambi ya zaumoyo ya khonsolo, amakhala kuti wachoka mu HOOPP n'kulowa mu OMERS, ngakhale ntchito yake ikadali yosamalira anthu.

Nanga ndikangosintha abwana koma thumba likhale lomwelo?

Apa mtima ukhale m'malo. Mukachoka kukhonsolo ya Toronto kupita ku Peel Region kapena York Region, mumakhalabe mu OMERS, ndipo zaka zanu zakale zikhoza kulumikizana ndi zatsopano malinga ngati simunatulutse ndalama zanu. N'chimodzimodzinso namwino wochoka ku Sunnybrook kupita ku Trillium Health Partners ku Mississauga, pakuti zipatala zonsezi zili mu HOOPP. Chofunika n'kuuza a ofesi yolemba anthu ntchito kuti ndinu membala kale, kenako n'kuonetsetsa pa lipoti lanu la pachaka kuti zaka zonse zaikidwa pamodzi.

Aganyu asaiwale izi: kuyambira pa 1 January 2023, OMERS inalola onse ogwira ntchito ya maola ochepa kulowa m'thumba popanda kudikira. Koma kwa iwowa kulowa si kokakamiza, ndiye amene sanadzaze fomu amakhala kunja, miyezi n'kumapita.

Vuto n'chiyani ndikakhala ndi mapenshoni awiri? Si ndalama zomwezo?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ku Malawi, kuchokera pa lamulo la penshoni la 2011, tinazolowera dongosolo loti wantchito amasonkha 5 peresenti, abwana 10 peresenti, ndalamazo n'kumaunjikana mu akaunti ya mwini wake. Akasintha ntchito, mulu wa ndalamawo umamutsatira. Mathumba akuluakulu a ku Ontario sayenda choncho. Iwo salonjeza mulu wa ndalama, amalonjeza malipiro a mwezi ndi mwezi mpaka imfa, ndipo amawerengera potengera zinthu ziwiri: zaka zimene mwagwira, ndi avereji ya malipiro a zaka zimene munalandira zambiri, kawirikawiri zaka zisanu.

Tiyerekeze mwachidule ndi 2 peresenti pachaka. Mayi wagwira zaka 10 m'thumba loyamba, malipiro ake ali madola 50,000 pachaka. Penshoni ya zaka zimenezo ndi madola 10,000 pachaka. Wasintha ntchito, wakwezedwa, ndipo akupuma akulandira madola 90,000. Zaka 10 zija zikanasamukira m'thumba latsopano, zikanawerengedwa pa madola 90,000, n'kubala madola 18,000 pachaka. Zikatsala kumbuyo, zimakhalabe pa malipiro akale, kungowonjezerapo pang'ono ngati thumbalo limakweza penshoni potsata kukwera mitengo kwa zinthu. Masamu enieni ndi ovutirapo, mwachitsanzo OMERS imagwiritsa 1.325 peresenti pa gawo lina la malipiro ndi 2 peresenti pa gawo lapamwamba, koma mfundo yake ndi yomweyi.

Chachiwiri ndi tsiku lopumira. Kuti munthu apume msanga popanda kudulidwa penshoni, mathumba amaphatikiza zaka zakubadwa ndi zaka zantchito. Kwa aphunzitsi zonse pamodzi zikwane 85. Mu OPTrust zikwane 90, kapena munthu akhale ndi zaka 60 atagwira zaka 20. Mu OMERS, kwa ambiri zikwane 90, kapena akhale atagwira zaka 30. Zaka zikagawika m'mathumba awiri, munthu akhoza kulephera kufika pa mzerewo konsekonse, ngakhale watumikira anthu moyo wake wonse.

Ilipo njira yosamutsira zaka kuchoka m'thumba lina kupita lina?

Ilipo. Mathumba akuluakulu a m'chigawochi anapangana mgwirizano umene anthu amangoutcha MOPPs, chidule cha Major Ontario Pension Plans. Muli OMERS, OPTrust, Ontario Pension Board, HOOPP, thumba la aphunzitsi ndi ena. Pansi pa mgwirizanowu, thumba lakale limatumiza ndalama kuthumba latsopano mwachindunji, ndipo latsopanolo limakulemberani zaka ngati kuti munazigwira komweko. Ndalamazo sizidutsa m'manja mwanu, choncho sizidulidwa msonkho ngati malipiro.

Boma la ku Ottawa lili ndi migwirizano yakeyake ndi mathumba osiyanasiyana, ndipo imayendetsedwa ndi ofesi ya penshoni ya boma imene ili ku Shediac, m'chigawo cha New Brunswick. Palinso migwirizano ina ya mathumba awiriawiri, komanso ya aphunzitsi osamuka kuchoka m'chigawo china cha Canada.

Dziwani ichi: palibe chimene chimasamuka chokha. Abwana akale sakutumizirani zaka zanu, atsopano sakukakamizani. Mwini penshoni ndiye amapempha.

Kodi ndikhoza kupempha nthawi iliyonse imene ndafuna?

Ayi, ndipo ambiri amagwera pamenepa. Pansi pa MOPPs, munthu ayenera kuyamba kumalo atsopano pasanathe miyezi 18 chichokereni kwakale, ndipo apereke pempho losamutsa pasanathe miyezi 6 chilowereni m'thumba latsopano. Migwirizano ina ili ndi nthawi zake. Miyezi 6 yoyamba pantchito yatsopano ndi yomwe munthu amakhala ali kalikiliki kuphunzira ntchito, kuzolowera basi ina, mwina kusamutsa ana sukulu. Envelopu ya penshoni imakhala pamwamba pa firiji osatsegulidwa, nthawi n'kutha. Madzi akatayika saoleka.

Chenjezo lina: ngati mwatulutsa kale ndalama zanu m'thumba lakale, mgwirizanowu sukugwiraninso ntchito, chifukwa kulibe chotsala choti chisamuke. Musasaine pepala lililonse la thumba lakale musanalankhule ndi latsopano.

Ndikasamutsa, kodi zaka 10 zimakhalabe zaka 10?

Osati nthawi zonse. Thumba latsopano limawerengera mtengo wa zaka zanu potsata malamulo ake, msinkhu wanu ndi malipiro anu atsopano. Lakale nalo limawerengera zimene lingatulutse. Ngati zimene likutumiza n'zochepa kuyerekeza ndi zimene latsopano likufuna, pamakhala kupelewera. Pamenepo mumasankha: kulandira zaka zochepa, kapena kulipira ndalama yotsalayo kuti zaka zikwane. Mathumba ambiri amalola kulipira ndi ndalama za mu RRSP, akaunti yosungira ndalama za paukalamba.

Kupelewera kumakula ngati malipiro akwera kwambiri, kapena ngati thumba latsopano limalola kupuma msanga. Mwachitsanzo, apolisi ndi ozimitsa moto mu OMERS ambiri amapuma pa zaka 60 osati 65, ndiye chaka chawo chimodzi n'chodula. Musanavomere kalikonse, thumba latsopano limakupatsani chikalata chosonyeza zaka zimene mudzapeze ndi ndalama yoti muwonjezere. Chiwerengeni modekha. Funsaninso ngati kusamutsako kuchepetse malo amene muli nawo osungira mu RRSP, pakuti bungwe lotolera msonkho la Canada Revenue Agency limawerengera zimenezi.

Kodi kusamutsa n'kwabwino kwa aliyense?

Ayi. Amene malipiro ake atsika pantchito yatsopano akhoza kupindula posiya zaka zake kumene zili. Amene watsala pang'ono kupuma aziwerengera mosamala kwambiri. Yerekezaninso mmene thumba lililonse limatetezera penshoni ku kukwera mitengo kwa zinthu. Mu OMERS, zaka zogwiridwa isanafike 2023 zili ndi lonjezo lokwezedwa, pamene za kuyambira 2023 zimadalira mmene thumba likuchitira. Kwa aphunzitsi, kusintha kofanana ndi kumeneku kunakhudza zaka za pambuyo pa 2009. Olowa ntchito ya boma la ku Ottawa kuyambira pa 1 January 2013 amapuma ndi penshoni yosadulidwa pa zaka 65, kapena pa zaka 60 atagwira zaka 30, pamene amene analowa kale amapuma msanga ndi zaka zisanu. Zonsezi ziikidwe pasikelo.

Nanga ngati palibe mgwirizano, kapena nthawi yandithera?

Penshoni yanu sitayika. Lamulo la Ontario lotchedwa Pension Benefits Act, limene bungwe la FSRA limayang'anira kuyambira 2019, limati kuyambira pa 1 July 2012 penshoni ndi yanu chilowereni m'thumba, ngakhale mutagwira nthawi yochepa. Mukasiya ntchito, thumba limakutumizirani chikalata cha zosankha zanu. Mukhoza kusiya penshoniyo momwemo kuti mudzayambe kulandira mukakula. Mukhoza kutenga mtengo wake wa lero, umene amautcha commuted value, n'kuuika mu akaunti yokhoma yotchedwa LIRA. Mukhoza kugula penshoni ku kampani ya inshuwalansi. Kapena mukhoza kupita nawo kuthumba latsopano, ngati likulola, n'kugula nawo zaka. Njira yomalizayi imatheka, koma kawirikawiri imadula kuposa kusamutsa pa mgwirizano, ndipo mtengo umakwera pamene mukukula.

Commuted value imaoneka ndalama yambiri. Bwanji osangoitenga?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akaona nambala yaikulu papepala, maganizo amathamangira ku nyumba ya ku Area 49 kapena galimoto ya bizinesi. Koma ndalamazi n'zokhomedwa, sizituluka ngati za ku akaunti wamba. Komanso lamulo la msonkho linaika malire a ndalama zimene zingalowe mu LIRA popanda msonkho. Zopitirira malirewo zimabwera m'manja, ndipo zimawerengedwa ngati malipiro a chaka chimenecho, msonkho n'kudya gawo lalikulu.

Choposa apo, mukatulutsa ndalama mwasenza nokha katundu amene thumba limakusenzerani. Misika ikagwa, mwagwa nayo. Mukakhala ndi moyo zaka 90, ndalama zikhoza kutha inu mukadali moyo. Penshoni ya mwezi ndi mwezi siitha mpaka mwini wake atatsikira kuli chete, ndipo imasiyira gawo mkazi kapena mwamuna wotsala. Alipo ena amene kutenga commuted value kumawayenera, monga amene agwira nthawi yochepa kwambiri kapena amene thanzi lawo lafooka, koma chisankhochi sichibwezeka. M'mathumba ambiri mwayiwu umathanso munthu akafika msinkhu woti akhoza kuyamba kulandira penshoni.

Nanga boma likandisamutsa lokha, ine osafuna?

Zinachitikapo, ndipo zinasiya chilonda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, boma la Ontario lotsogozedwa ndi Mike Harris linatula ntchito zambiri za chigawo m'manja mwa makhonsolo ndi mabungwe ena. Chitsanzo chodziwika ndi cha oyeza mtengo wa nyumba ndi malo pofuna msonkho. Kumapeto kwa 1998 anachotsedwa mu unduna wa zachuma n'kuikidwa m'bungwe latsopano, limene kuyambira 2001 limatchedwa MPAC, ndipo likulu lake lili ku Pickering. Anthuwo anapitiriza ntchito yomweyo, koma zaka zawo zakale zinatsala m'mathumba a boma la chigawo, zatsopano n'kuyamba kulembedwa mu OMERS. Pansi pa lamulo ankaonedwa ngati sanasiye ntchito, choncho njira zotsegukira munthu wosiya ntchito zinali zotseka kwa iwo. Penshoni yawo inang'ambika pawiri, gawo lakale litaima pa malipiro akale.

Madandaulo awo anafika ku komiti younika za penshoni imene Harry Arthurs anatsogolera, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2008. Mu 2010 nyumba ya malamulo ya Ontario inasintha Pension Benefits Act kuti mathumba athe kupangana zolumikiza mapenshoni a anthu otere, kwa nthawi yoikika. Anthu anadikira zaka zoposa khumi kuti khomo litseguke. Phunziro lake n'loti mukamva mphekesera zoti nthambi yanu iperekedwa ku bungwe lina, funsani a yuniyoni za penshoni zokambirana zisanathe, chifukwa nthawi yabwino yomenyera nkhondoyi ndi pamene mapepala asanasainidwe.

Kodi inshuwalansi ya mankhwala, mano ndi magalasi imasamuka limodzi ndi penshoni?

Ayi, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ambiri amaidziwa mochedwa. OHIP, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la Ontario, imalipira dokotala ndi chipatala, ndipo pa zaka 65 munthu amalowa mu Ontario Drug Benefit yothandiza pa mankhwala. Koma wopuma pa zaka 58 ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zoti adzione yekha, pokhapokha ngati abwana ake ali ndi inshuwalansi ya opuma pantchito. OMERS payokha sipereka inshuwalansi imeneyi, zimadalira abwana ndi pangano la yuniyoni. Boma la Ontario linakhwimitsa malamulo ake mu 2017: amene anali asanakwanitse zaka 10 za penshoni anayamba kufunika zaka 20. Boma la ku Ottawa nalo mu 2015 linakweza zaka zofunika kufika pa zisanu ndi chimodzi. Choncho funsani mafunso awiri: kodi ndikuchoka nditatsala pang'ono kuyenerera inshuwalansi ya kuno? Nanga zaka zimene ndisamutse zidzawerengedwa pa inshuwalansi ya uko?

Nanga CPP ndi OAS? Ndipo ndikafuna kukapumira kumudzi?

Ziwirizi sizisokonezeka ndi kusintha ntchito. Canada Pension Plan (CPP), imene inayamba mu 1966, imatsata nambala yanu ya SIN (Social Insurance Number) kulikonse kumene mukugwira. Mukhoza kuyamba kulandira pakati pa zaka 60 ndi 70. Mukayamba pa 60 imadulidwa ndi 36 peresenti, mukadikira mpaka 70 imakwera ndi 42 peresenti. Old Age Security (OAS) imatengera zaka zimene mwakhala m'dzikomo mutakwana zaka 18: zaka 10 kuti mulandire kagawo, zaka 40 kuti mulandire yonse.

Kwa wolota zokapumira ku Nkhata Bay, ku Dedza kapena ku Chipata, nambala yoti muisunge ndi 20. Kuti OAS izikutsatirani kunja kwa Canada mpaka kalekale, muyenera kukhala mutakhala m'dzikomo zaka 20. CPP ndi penshoni ya kuntchito zimalipidwa ngakhale muli kunja, koma Canada imadula msonkho wa 25 peresenti kwa okhala kunja, pokhapokha pali pangano la misonkho lotsitsa mlingowo. Ndalama za mu LIRA ya ku Ontario zikhoza kumasulidwa munthu akatha miyezi 24 atachoka m'dzikomo ndipo Canada Revenue Agency yatsimikiza kuti sakhalanso ku Canada. Zaka zimene munagwira m'boma la Malawi zili pansi pa malamulo a ku Malawi, ndipo MOPPs siziphatikiza. Zilondoleni kumudzi komweko, makalata ake muwasunge bwino.

Banja langa likukhudzidwa bwanji?

Lamulo la Ontario limati wopuma pantchito ali pabanja, penshoni yake ikonzedwe moti iye akamwalira mnzake wotsala azilandira zosachepera 60 peresenti, pokhapokha awiriwo atasainira kukana. Mathumba ena amapereka zoposa apo: OMERS imapereka magawo awiri mwa atatu. Lamuloli limazindikiranso anthu osakwatirana mwalamulo amene akhala limodzi zaka zitatu, kapena amene ali paubwenzi wokhazikika ndipo ali ndi mwana. Mukalowa m'thumba latsopano, dzina la wolandira chuma chanu silisamuka lokha, mumalembanso. Kwathu timadziwa mikangano imene imabuka pa chuma cha masiye. Fomu imodzi yodzazidwa bwino imateteza ana ku zambiri.

Tsono ndichite chiyani ndisanasinthe ntchito?

Musanavomere ntchito yatsopano, funsani dzina la thumba lake la penshoni. Imbirani mathumba onse awiri, mufunse ngati pali mgwirizano wosamutsira zaka, ndipo akuuzeni tsiku lenileni lomaliza kupempha, polemba osati pakamwa pokha. Pemphani chiwerengero cha kusamutsa sabata yoyamba yomwe, pakuti kupempha chiwerengero si kuvomera. Sungani malipoti anu onse a pachaka ndi chikalata chosiyira ntchito, ndipo mukasamuka nyumba dziwitsani thumba lakale adiresi yatsopano. Ngati ndalama zake n'zambiri, pitani kwa mlangizi wa zachuma amene mumamulipira pa uphungu wokha, osati amene apindule mukatulutsa ndalama zanu m'thumba n'kumupatsa kuti azisunge.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munawoloka nyanja, mwapirira chisanu cha ku Toronto, mwagwira mashifiti a usiku kuti ana aphunzire ndi kuti abale kumudzi adye. Zaka zimenezo ndi zanu. Tsegulani envelopu ija lero, imbani foni, ndipo mukamva kuti m'bale wanu wapeza ntchito yatsopano, pomuyamikira mumufunsenso kuti: "Nanga penshoni mwaisamutsa?"